Mashini Zimene Zinameta Maliro

Mukatsika minibasi pa Chongwe n'kulowera chakumsika, funsani aliyense kuti ometa a nyale ya buluu ali pati, adzakulozerani ndi mlomo. Kashopu kake n'kakang'ono, mpando umodzi, galasi limodzi, benchi yodikirira. Pakhonde mudzapezapo mayi wonenepa wosoka zovala amene pakamwa pake sipauma. Mayiyo ndine, Fyness, ndipo kunenepako n'kwanga, kusakuvuteni. Ndakhala pakhonde limeneli zaka zambiri, choncho za ba Ezron musandiuze, ndikuuzeni ndine.

Ba Ezron anabadwira ku mafamu a ku Kasisi, kumene bambo awo, munthu wa ku Katete ngati ine, ankayendetsa thirakitala. Sukulu inawakana msanga. Anapita ku Lusaka kwa alamu awo ometa ku Mtendere, ndipo ntchito anaiyambira pansi penipeni, kusesa tsitsi la anthu ndi kutunga madzi. Pobwera kuno anali ndi mashini imodzi yakuda, yolemera, yolira ngati chigayo chaching'ono. Anaitcha Mudala. Pambuyo pake anagula ina yochaja, yopepuka, naitcha Mwaiche, ndiye kuti kamwana. Amalankhula nazo, musaseke! M'mawa uliwonse ndinkamva kuseri kwa chitseko, "Mudala, lelo usanichititse manyazi."

Munthuyu ndi wamatama, ndisakubisireni. Akakumeta amabwerera m'mbuyo n'kudziwombera yekha m'manja. Koma ukhondo, ayi ndithu, ndimawavulira chipewa. Jekete loyera amachapa okha, ndipo tsitsi likagwera pakhonde langa amapepesa ndisanatsegule n'komwe pakamwa, zimene zimandilanda mpata wokalipa.

Nthawi ya korona ija mashopu ometa anauma. Anthu ankaopa mpweya wa mnzawo, nanji mashini yochoka pamutu wina kupita pamutu wina. Kale lomwe azimayi ankadandaula za zipere za ana ndi tizilonda ta kunkhongo. Tsiku lina ba Ezron anakwera basi ya ku tauni, nabwerako atakumbatira kabokosi koyera ka chitseko chagalasi. Ataika pulagi, mkati munayaka nyale ya buluu. Ine ndinati, "Mwagula disiko?" Iwo anandiyang'ana ngati ndawatukwanira amayi awo.

"Ba Fyness, iyi ni UV," anatero. "Ipaya tuzilombo twamene maso saona."

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanasintha kuyambira pamenepo. Akamaliza mutu, amachotsa tsitsi m'mano a mashini ndi burashi, amapopera sipiriti, amalowetsa m'kabokosi n'kutseka. Mudala akakhala m'kati, Mwaiche ali pamutu. Mwaiche akalowa, Mudala atuluka. Kabokosiko sanakabise pakona, anakaika poyang'ana pakhomo kuti wodutsa aone. Malaiti akapita, batire ya galimoto imene anagula siipita ku wayilesi, imapita ku nyale. Wina akafuna kulowetsa dzanja kuti achiritse chilonda, amamukalipira kuti nyaleyo si sing'anga, imaotcha khungu ndi maso.

Anthu anabwera, abale! Azimayi ankabweretsa ana a sukulu ali pamzere. Ngakhale ba Robson a ku khonsolo, amene kale ankapita kukametetsa ku Lusaka pa galimoto yawo, anayamba kukhala pabenchi yathu Lachisanu lililonse. Ankakhala pampando, kuyang'ana nyale ija pang'ono, kenako kutseka maso n'kuwodzera. Munthu akagona lezala ili pakhosi pake, ndiye kuti mtima uli m'malo.

Vuto linabwera ndi maliro a ku Kanakantapa. Anamwalira a Yoramu, mlimi wa tomato ndi repu, munthu wa mpingo wathu, ndipo ife azimayi a chigwirizano tinagona komweko. Banja limenelo ndi lopemphera, komanso mwambo wa kwawo silinautaye. Kwa iwo maliro satha ndi manda. Achibale amametedwa, kuyambira mkazi wamasiye. Tsitsi lonse limasesedwa n'kukakwiriridwa pamodzi ndi lezala imene yameta. Zikatero wamasiye wamasuka, akhoza kulowa m'munda, kupita kumsika, kudya m'mbale imodzi ndi anzake.

Tsiku lometa, a Dingani, mkulu wawo wa malemu, anatulutsa m'thumba la jekete lezala imodzi. Ndi munthu wokalamba. Kondani, mwana woyamba wa malemu, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anangoiona lezala ija n'kuimirira.

"Atate, leza imozi mitu yonse iyi? Awe. Mufuna tiike malilo ena?"

"Makolo athu anameta chonchi," anayankha a Dingani. "Iwe wabadwa liti?"

Phokoso linabuka. Achinyamata a m'tauni anakana, akuluakulu anakwiya, ndipo mayi wamasiye, a Nelesi, anali chikhalire pamphasa atavula kale duku, mutu uli poyera, akudikira. Ine zinandiwawa kuwaona choncho. Kenako Kondani anati ali ndi wometa wake ku boma, pa Chongwe, amene zitsulo zake palibe amaziopa. A Dingani anang'ung'udza, koma anavomera, bola onse ametedwe ndi dzanja limodzi.

Ba Ezron anafika pa njinga yamoto, kabokosi atakafunditsa bulangete pamiyendo, batire itamangidwa kumbuyo. Anakonza malo pansi pa mtengo wa mango. Nyale itayaka mumthunzimo, azimayi okalamba anasendera kudzaona, ndipo ena anagwira pakamwa. Ine ndinkayembekeza kuti matama ayamba. Ayi ndithu. Anavula nsapato, anagwada kumbuyo kwa a Nelesi, nameta pang'onopang'ono osatulutsa mawu. Aka kanali koyamba kuona ba Ezron atatseka pakamwa pa ntchito. Mutu ukatha, burashi, sipiriti, m'kabokosi. Onse anametedwa, mpaka atsikana a ku Lusaka amene anayamba avula mawigi awo akulira. Anthu anathokoza kwambiri, ena ankati maliro a masiku ano azikhala otere.

Pamenepo galimoto ya tomato inali kunyamuka kupita ku boma. Ba Ezron analongedza mashini zawo, anatsazika, nakwera. Palibe anawauza kanthu, iwonso sanafunse. Munthu wobadwira pafamu, wokulira ku Mtendere, akanadziwira kuti? Safunsa anadya phula.

A Dingani ndi amuna anzawo anapita ndi tsitsi kuseri kwa munda. Posakhalitsa tinawaona akubwerera mothamanga, munthu wokalamba uja akukuwa.

"Chitsulo chili kuti? Chitsulo chameta chili kuti?"

Chitsulo chinali chitadutsa kale pamlatho.

Nkhani kuno imakwera minibasi osalipira. Mawa lake, ba Ezron asanatsegule n'komwe shopu, msika wonse unali utadziwa kuti mashini za ometa a nyale ya buluu zameta maliro, ndipo sizinakwiriridwe. Mayi wina anafika ndi mwana mpaka pakhonde, mnzake anamunong'oneza, natembenuka akumukoka mwanayo ngati wathawa galu. Tsiku limenelo pampando sipanakhale munthu. Mawa lake chimodzimodzi. Lachisanu linafika, ba Robson anadutsa tsidya la msewu akuyang'ana foni. Ba Ezron anawaitana mokweza, ndipo anabwera mwamanyazi, naima pakhomo osalowa.

"Ba Ezron, ine ivo vintu sinivikhulupilila," anatero. "Koma ba madamu kunyumba bakamba ati nikametewa kuno nikagone mu motoka."

"Bwana, onani nyale! Mashini zakhalamo kuchoka m'mawa. Ipaya vonse!"

Mnyamata wina wogulitsa malasha amene anaima pafupi anayankha asanafunsidwe: "Ipaya tuzilombo, mwakamba mweka. Manje imfa ni kazilombo?"

Anthu anaseka. Ba Ezron anayankha kuti ndi umbuli, nalowa m'kati akumenyetsa chitseko.

Masabata anadutsa chonchi. Shopu yometa yopanda mitu siikhalitsa, izi amadziwa aliyense, ndipo mwini nyumba anali atayamba kale kubwera ndi munthu wina wogulitsa mafoni, akuyeza khoma ndi maso. Amuna a pa Chongwe anayamba kuyenda ndi mitu ngati tchire, ena anapita kwa kamnyamata ka kuseri kwa msika kamene kamapukuta mashini ndi malaya ake. Ameneyo samuopa, akuopa ba Ezron! Zinandikwiyitsa koopsa. Komanso ndinene, inenso ndine wa ku Katete, mashini zija zikalira ndinkasendeza mpando wanga pang'ono.

Ba Ezron ndinawauza maso ndi maso. "Inu, bwezani zitsulozo kwa eni maliro. Mukulimbana ndi chiyani?"

"Nizikwilile mashini zabwino monga galu wakufa?" anatero. "Mudala wanilelela ana, wanimangila nyumba. Awe, ba Fyness. Bazabwela beka, tsitsi siileka kumela."

Anali wotsimikiza, ndipo sankanamizira. M'mawa uliwonse jekete loyera, kusesa, kuyatsa nyale, kukhala pakhomo atapinda manja. Tsiku lina anatulutsa mpando pakhonde, nadzimeta yekha ndi Mudala mpaka mpala, akukuwa kuti aliyense abwere mawa adzaone ngati wafa. Anthu anaunjikana, anaseka, anaomba m'manja. Mawa lake anabweradi kudzaona. Anamupeza wamoyo, anamupatsa moni, napitirira.

Kenako m'mawa wina, msika utadzaza, ndinaona mayi wovala zakuda akubwera cha m'mphepete mwa msewu, akupewa kukhudzana ndi anthu. Anali a Nelesi. Anali ataonda, maso atalowa. Ndinawapatsa mpando wanga, anakana. Benchi anakananso. Anakhala pansi pa simenti, pafupi ndi khomo. Ba Ezron anatuluka, ndipo atawazindikira anagwada.

"Amai, mwabwela mweka?"

"Ndachita kuzemba, mwananga," anatero a Nelesi, m'Chichewa chathu cha kumudzi. "Sindinabwere kudzakudzudzulani. Munandimeta bwino, simunandicheke ngakhale pang'ono. Koma alamu anga akuti maliro sanathe. Tsitsi lili m'dothi, chitsulo chili kunja."

"Amai, mashini zija nazisuka. Nyale iyi..."

"Nyale yanu ndinaiona. Tsiku lija ana anga anakhala pansi chifukwa cha iyo, ndipo ndinathokoza Mulungu. Koma iyi ndi nkhani ina." Anakonza duku lawo. "Tomato wapsa m'munda, akuola ndikumuona, sindiloledwa kuthyola. Kapu yanga ili payokha. Mdzukulu wanga akafuna kukhala pamiyendo panga amamukoka. Mwamuna wanga ndinamulira mokwanira. Ndatopa kukhala wamaliro, mwananga."

Sanalire ayi. Ine ndi amene ndinalira, ndikupukuta mphuno ndi nsalu ya kasitomala. Anthu anali atayamba kale kuima patali, monga achitira anthu a pamsika.

Ba Ezron, ali chigwadire, anafunsa funso limodzi lokha: "Zonse ziwili?"

"Zimene zinakhudza mutu. Kabokosi akuti kalibe mlandu."

Anaimirira, nalowa. Anatenga Mudala, burashi, sipiriti. Anatenga Mwaiche, burashi, sipiriti. Anaziika zonse ziwiri m'kabokosi, natseka, naima pamenepo manja ali kumbuyo.

"Inu, zikupita m'dothi zimenezo," ndinatero. "Mukuzitsukiranji?"

"Palibe chichoka muno na doti," anayankha osandiyang'ana.

Tinadikira tonse, ine, a Nelesi, ndi theka la msika. Atatsegula, ndinang'amba nsalu yoyera pa mpukutu wanga n'kuwapatsa. Anazikulunga bwinobwino ngati khanda. Ine ndinkaganiza kuti azipereka kwa mayiwo mwakachetechete, zithere pomwepo. Kodi ba Ezron ndi munthu wa kachetechete? Anavala jekete loyera, ananyamula mtolo uja pamwamba ndi manja awiri, nayenda pambuyo pa a Nelesi kudutsa pakati penipeni pa msika.

"Onani bwino!" ankakuwa. "Mudala na Mwaiche bapita! Musakakambe ati simunaone!"

Azimayi a tomato anasiya kugulitsa. Makondakitala anasiya kuitanira. Palibe anaseka ulendo uno. Anakwera minibasi ya ku Kanakantapa, mayi kutsogolo, iwo kumbuyo, mtolo uli pamiyendo.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Mawondo a thalauzi anali ofiira ndi dothi, maso ofiiranso. Ine pakamwa panga mukupadziwa, koma tsiku limenelo ndinangofunsa kuti zayenda bwanji.

"Nakumba neka," anatero. "Ba Dingani benze bafuna kunithandiza, nakana." Anakuntha dothi m'mawondo. "Amai badya na banzao. Nabasiya bali mu munda na dishi."

Analowa m'shopu nakhala pampando wa makasitomala, akuyang'ana mashelefu. Pamene pankakhala mashini panali zingwe zokha. Wometa wopanda mashini, abale, ndinamumvera chisoni munthu wamatama ameneyu mpaka ndinasowa chomunyoza. Ndinayamba kupinda nsalu zanga kuti ndiweruke.

Ndipamene wina anatsokomola pakhonde. Ba Robson, tayi ili m'khosi, tsitsi litakula mpaka kuphimba makutu. Anandipatsa moni, analowa, naima pafupi ndi mpando.

"Ba Ezron, mwankhala pa malo yanga."

Ba Ezron anaimirira pang'onopang'ono. "Bwana, nilibe mashini. Mpaka nikapite ku tauni."

"Namvela. Ba madamu benze pa maliketi, baona vonse." Ba Robson anakhala pampando, namasula tayi. "Mailo nili na miting'i. Sizasi mulibe?"

Analibe. Ometa a masiku ano sizasi amaidziwira kuti? Onse awiri anatembenuka n'kuyang'ana ine. Tsono mudziwe, sizasi ya telala siidula tsitsi, siidula pepala, siibwerekedwa ngakhale kwa mwana wobala wekha. Yanga ndinaigula ndisanakwatiwe. Ndinawauza kuti asayerekeze. Ndinawauza kuti amuna a pa Chongwe alibe manyazi. Kenako ndinaitulutsa m'thumba la epuloni n'kuiika m'dzanja la ba Ezron.

Mukudziwa zimene anachita? Burashi. Sipiriti. M'kabokosi!

"Sizasi yanga ilibe zipere, inu!" ndinakuwa.

"Lamulo ni lamulo, ba Fyness," anatero, natseka kachitseko. "Bwana, muzayembekeza pang'ono."

Ba Robson anayembekeza, nsalu ili m'khosi, akuyang'ana nyale. Ali chiyembekezere, mayi wina anakwera pakhonde ndi ana awiri a yunifolomu, anasuzumira m'kati, nawakhazika pabenchi. Pambuyo pake panabwera wa malasha uja, akukanda m'mutu, nakhala kumapeto osayang'ana munthu.

Ba Ezron anatulutsa sizasi, natenga chipeso. Anayamba kudula. Ba Robson anatseka maso. Ine ndinamasulanso nsalu zimene ndinapinda n'kukhala pansi, chifukwa benchi inali itadzaza ndipo sizasi yanga sinali yobwerera msanga.